Kufunafuna Fungo la Oyilo ku Selly Oak

Selly Oak ndi dera la kummwera chakumadzulo kwa mzinda wa Birmingham, ndipo masiku ano limadziwika ndi ana a sukulu. Yunivesite ya Birmingham ili pafupi pomwepo, nsanja yake ya wotchi yotchedwa Old Joe ikukusuzumira kulikonse kumene ungaime, ndipo timisewu ta nyumba za njerwa zofiira zogundanagundana tadzaza anyamata ndi atsikana a lendi. Azibusa ndi ansembe achikulire a kwathu amalikumbukira mwina. Kuno kunali makoleji a mishoni, Selly Oak Colleges, kumene anthu a mipingo ochokera ku Africa ankabwera kudzawonjezera maphunziro. Mtengo wa oak umene uli m'dzina la derali anaugwetsa mu 1909 pokuza msewu. Zonsezi n'zoona, koma si zimene zinandikokera kuno. Ine matenda anga ndi galimoto, ndipo ndinawatengera ku Zomba ndikadali wa kabudula.

Nthawi imeneyo Zomba linali likulu la dziko, ndipo galimoto zinali zowerengeka moti ife ana tinkazidziwa ndi kulira kwake zisanatulukire pakona. Land Rover ya boma inkalira mokoka. Morris Minor inkatulutsa kaphokoso kochititsa manyazi dalaivala akachotsa phazi pamoto potsetsereka, ife n'kumafa nazo zoseka. Peugeot 404 inkadutsa mwaulemu, Austin Cambridge ya aphunzitsi aakulu inkabwera pang'onopang'ono itanyamula banja lonse ndi thumba la ufa. Ndikaweruka kusukulu ndinkathera pagalaja ina ya pansi pa mtengo, kutsuka zitsulo m'beseni la palafini ndi kupatsira masipanala. Pamenepo ndinayamba kuona dzina limodzi likubwerezabwereza. Ukatsegula boneti ya Austin, kachitsulo ka nambala kakuti Longbridge, Birmingham. Nyali ndi koyilo n'za Lucas, wa ku Birmingham. Kabuleta ya SU, Birmingham. Tayala la Dunlop, kwawo ku Fort Dunlop, Birmingham yemweyo. Mzindawu ndinaudziwira kunsi kwa boneti ndisanauone pamapu, ndipo m'mutu mwanga unali mzinda wa anthu ovala maovolosi, manja ali bii ndi girisi.

Ndinafikako mwezi wa April, kukuzizirabe. Kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Selly Oak umatsetsereka ndi Bristol Road, kudutsa pansi pa mlatho wa njanji, kupyola mogulitsa nkhuku yokazinga, mometera tsitsi ndi maofesi a anthu opezera ophunzira nyumba. Ukakhotera kumanzere walowa Dale Road. Palibe chimene chingakuimitse pamenepo: nyumba zogona ophunzira, mabini a zinyalala, njinga zakapalasa zomangirira kumpanda. Koma apa ndi pamene panali fakitale ya Ariel, ndipo kwa zaka zoposa 60 dzina la Selly Oak linkazungulira dziko lapansi pamsana pa njinga zamoto.

Dzina la Ariel linayambira ku Coventry mu 1870, pa njinga yakapalasa ya James Starley ndi William Hillman, imodzi mwa zoyambirira kukhala ndi masipoko a waya. Linasinthana manja mpaka linafika kwa Charles Sangster ndi kampani yake ya Components Ltd kuno ku Selly Oak. Mu 1898 anatulutsa njinga ya matayala atatu yokhala ndi injini, kenaka njinga zamoto zenizeni, ndipo anayesako ngakhale galimoto, zimene anazisiya mu 1925. Kampaniyo itagwa mu 1932, mwana wake Jack Sangster anagula mbali ya Ariel motchipa n'kuidzutsanso. Mwayi wa Jack unali wodziwa kusankha anthu. Anali ndi Val Page, amene anajambula Red Hunter, njinga ya silinda imodzi, ya thanki lofiira, imene anthu ankapita nayo kuntchito mkati mwa sabata n'kukapikisana nayo m'matope Loweruka. Analinso ndi Edward Turner.

Pa Turner ndiima pang'ono, chifukwa chimene anachita chimandizunguzabe mutu. Mnyamatayu anali ndi sitolo ya njinga zamoto ku London ndipo anajambula injini ya masilinda anayi oikidwa awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. M'malo mwa crankshaft imodzi yaitali anaika ziwiri zazifupi, zolumana ndi mano a magiya, ina ikuzungulira uku inzake uko, kotero kuti kunjenjemera kwa imodzi kunkaphedwa ndi inzake. Anakaionetsa ku kampani ya njinga zamoto ya BSA, iwo anaikana. Ariel anaitenga, ndipo Square Four inalowa pamsika mu 1931 ili ya 500cc, n'kukula mpaka 1000cc mu 1937. Inali ndi chilema chimene aliyense woganiza angachione: mphepo yoziziritsa imayamba yagunda masilinda a kutsogolo, a kumbuyo n'kulandira mphepo yotentha kale. Akatswiri analimbana nalo vutoli mpaka njingayo inasiya kupangidwa mu 1959, osalithetseratu. Komabe amene anaikwera ankati imakoka kuyambira pa liwiro la munthu wothamanga mpaka kumapeto osafuna kusintha giya. Kuti uione lero uyenera kupita ku National Motorcycle Museum ku Bickenhill, kufupi ndi bwalo la ndege. Ndinapitako tsiku lina, ndinagwada pambali pake n'kumawerenga zipsepse za injiniyo mpaka mawondo anadandaula.

Imfa ya Ariel inabwera yovala bwino. Jack Sangster anagulitsa kampaniyo kwa BSA mu 1944. Mu 1958 anatulutsa Leader, njinga ya 250cc yokutidwa thupi lonse ndi malata, yokhala ndi galasi kutsogolo ndi zotchinga miyendo, kuti kalaliki azifika kuofesi buluku lili loyera. Anaikhulupirira kwambiri moti chaka chotsatira anasiya kupanga njinga zawo zonse zikuluzikulu. Koma chaka chomwecho cha 1958, ku Japan, Honda anatulutsa Super Cub, kanjinga kopepuka, kosadontha oyilo, kotheka kukwera ngakhale agogo. Pofika 2017 tinali titapangidwa toposa 100 miliyoni. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 BSA inatseka fakitale ya Selly Oak n'kusamutsira ntchito ku Small Heath, ndipo patangopita zaka zochepa dzinalo linazimirira pamsewu. Anyamata a kabaza amene adzaza Lilongwe ndi Blantyre lero akukwera njinga za ku China ndi ku India, ndipo maganizo a njinga zimenezo ndi a Honda, osati a Ariel.

Chimene chatsala ndi dzina pa mlatho. Mu 2011 anatsegula msewu watsopano wolambalala pakati pa Selly Oak, Aston Webb Boulevard, ndipo pamene unakumana ndi ngalande yakale ya maboti ya Worcester and Birmingham Canal anamanga mlatho wonyamula madziwo pamwamba pa msewu, n'kuutcha Ariel Aqueduct. Ndinakwera masitepe n'kuima pamenepo. Boti lalitali lopyapyala linkadutsa mwaulesi, sitima ikudutsa pa mlatho wina pambali, pansi pathu galimoto zikuthamanga. Ndinayesa kuwerenga mayina a zimene zinkadutsazo: Toyota, Kia, Volkswagen, Nissan, Hyundai, BMW. Yopangidwa mu Birmingham inali yosowa.

Ulendo weniweni unali wa kummwera, ku Longbridge. Sitima imafikako mwachangu kudzera ku Bournville, kumene siteshoni anaipaka utoto wa pepo wa chokoleti cha Cadbury, koma ine ndinasankha basi nambala 63, pampando wa kutsogolo m'chipinda cha pamwamba. Bristol Road ndi mbali ya msewu waukulu wa A38, ndipo ukangotuluka m'Selly Oak umagawika pawiri, pakati pali kapinga ndi mitengo ikuluikulu. Mpata wa pakatiwo si wokongoletsa chabe. M'menemo munkadutsa matramu, mabasi a magetsi oyenda pa njanji, mpaka 1952. M'mawa ankanyamula anthu a ntchito kupita nawo ku fakitale, Lamlungu ankanyamula mabanja kukapuma ku mapiri a Lickey. Basi inadutsa Northfield, n'kutsetsereka, woyendetsa n'kuima pa malo ogulitsirapo katundu atsopano. Ndinatsika ndikukayika ngati ndafikadi.

Herbert Austin anabwera pano mu 1905, atachoka ku Wolseley, kampani imene inayamba ndi makina ometera nkhosa. Anagula nyumba yosiyidwa imene kale ankasindikiziramo, kunja kwa mzinda kumene kunalibe mwaye wodetsa utoto wa galimoto. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inaikuza fakitaleyo mpaka antchito anapitirira 20,000, ndipo malo ogona anasowa. Austin anaitanitsa nyumba 200 za matabwa zopangiratu kuchokera ku Michigan, ku America, n'kuzimanga mu 1917. Zilipobe, pakati pa Northfield ndi Longbridge, ndipo malowo amatchedwa Austin Village. Ndinayendamo pang'ono. Tinyumba ta matabwa topaka utoto wowala, maluwa pakhomo, anthu akukhalamo bwinobwino. N'zodabwitsa kuti matabwa apirira kuposa fakitale imene inawaitanitsa.

Nkhondo itatha kampaniyo inatsala pang'ono kufa, ndipo chimene chinaipulumutsa ndi kagalimoto kamene akuluakulu a kampani sankakafuna. Austin anatenga mnyamata wa zaka 18, Stanley Edge, n'kupita naye kunyumba kwake ku Lickey Grange, kumene anajambula Austin Seven pa tebulo la masewero a biliyadi. Inatuluka mu 1922 ndipo pofika 1939 zinali zitapangidwa pafupifupi 290,000. Mbewu yake inamwazika kutali. Galimoto yoyamba ya BMW inali Austin Seven yopangidwa ku Germany ndi chilolezo, pa dzina la Dixi. Colin Chapman anapanga Lotus yake yoyamba mu 1948 pa mafupa a Austin Seven, ndipo Bruce McLaren anayambira mpikisano pa galimoto ya mtundu womwewo ku New Zealand. Palinso mbali imene anthu a kuno saikonda kuikamba. Mu 1952 Austin anagwirizana ndi Nissan kuti azilumikiza Austin A40, kenaka A50 Cambridge, ku Japan. Wophunzirayo anamvetsera bwino. Patapita zaka 20 Datsun inali ikulanda makasitomala ku Britain konkuno, ndipo kwathu kabokosibode ka Nissan 1400, kamene ku South Africa anakapanga mpaka 2008, kananyamula tomato, makala ndi maliro kwa mibadwo iwiri.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pa Longbridge pankagwira ntchito anthu pafupifupi 25,000. Lero pali sitolo yaikulu ya Marks & Spencer, ya Sainsbury's, koleji, nyumba zatsopano ndi kapaki kotchedwa Austin Park, kumene mtsinje wa Rea, umene kwa zaka zambiri unkayenda m'mipope kunsi kwa fakitale, anaufukula kuti uonenso dzuwa. Malowo ndi aukhondo, ndipo sindingawanyoze. Kungoti ndinanunkhiza mphepo ndipo inkamveka khofi.

Fungo limene ndinkalifuna ndinalipeza kumtunda, ku Cofton Park. Pakiyi ili moyang'anana ndi zipata zakale za fakitale, ndipo masiku a sitalaka ndi pamene antchito zikwizikwi ankasonkhana n'kuvota pokweza manja. Chiyambire kugwa kwa kampani mu 2005, pafupifupi chaka chilichonse mu April eni galimoto zopangidwa kuno amabwera nazo pa kapinga yemweyo, pa msonkhano wotchedwa Pride of Longbridge. Kulowa n'kwaulere. Usanaone kanthu umayamba wamva petulo wosapsa bwino, oyilo wotentha ndi mipando yakale yowombedwa ndi dzuwa. Kenaka phiri lonse la galimoto, mizere mizere, maboneti ali yasa! Zinandikumbutsa tsiku lomanga chiliza kwathu: abale abwera kuchokera kutali, pali chakudya, pali kuseka, ana akuthamangathamanga, koma aliyense akudziwa amene wawasonkhanitsa, ndipo mwini wakeyo sadzuka.

Ndinayamba ndi Austin Seven, n'kudutsa A30 ndi A35 zonenepa masaya, n'kuima nthawi yaitali pa Cambridge yamitundu iwiri yofanana ndi ya aphunzitsi aja. Ndinali nditaiwala kuti chiwongolero chake chinali chachikulu chotere, ndi kuti mpando wa kutsogolo unkakwana anthu atatu. Koma miyendo inanditengera kumene kunali ma Mini.

Mini inabadwa chifukwa cha Africa, ngakhale eni ake sanena choncho. Mu 1956 Gamal Abdel Nasser analanda ngalande ya Suez, mafuta anavuta, ku Britain petulo anayamba kugawidwa moyeza. Leonard Lord, mkulu wa BMC, kampani imene inapangidwa mu 1952 pophatikiza Austin ndi Morris, analamula Alec Issigonis kuti apange galimoto yaing'ono koma yeniyeni. Issigonis anatenga injini ya 848cc n'kuigoneka chopingasa, giyabokosi n'kuiika kunsi kwake kuti zizimwera oyilo m'mbale imodzi, mphamvu n'kuipereka ku matayala a kutsogolo. Matayalawo anali a mainchesi 10 okha, okankhidwira kumakona, ndipo m'malo mwa masipuling'i a chitsulo munali mphira zopangidwa ndi Alex Moulton. Galimoto yonse inali yotalika mamita atatu, koma munkakhala anthu akuluakulu anayi. Inaonetsedwa pa 26 August 1959. Inapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1964, 1965 ndi 1967, ndipo mu 1966 inafika yoyamba koma anaichotsa pa nkhani ya nyali, mlandu umene a kuno sanaukhululukebe. Yomaliza inatuluka pa Longbridge pa 4 October 2000, itakwanitsa 5,387,862. Tsegulani boneti ya Vitz kapena Sienta iliyonse pa depoti ya Lilongwe, mupeza injini yagona chopingasa mmene Issigonis anaigonekera. Mini yomweyi inathandizanso kukwirira Ariel. Bambo wa banja amene kale akanagula njinga yamoto ya kangolo kumbali tsopano ankatha kugula galimoto ya denga, yopangidwa pa msewu womwewo wa Bristol Road.

Mkulu wina wa imvi, wovala chipewa cha nsalu, anali atakhala pa kampando kopinda pambali pa Mini yobiriwira.

"Bambo, mwaiyang'anitsitsatu. Kwanu ziliko zimenezi?"

"Zinaliko zowerengeka, za m'tauni. Misewu yathu inkafuna galimoto yaitali miyendo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anandiuza kuti analowa ntchito pa fakitaleyo atangosiya sukulu, monga anachitira bambo ake, ndipo ntchito yake inali yoika zitseko. Anatsegula chitseko cha galimotoyo n'kuchitsekanso ndi chala chimodzi kuti ndimve kulira kwake. Ndinam'pempha kuti ailize injini. Itadzuka ndinamva kugogoda pang'ono kumtunda, ndipo ndisanalankhule iye anali atatulutsa kale sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuiika pa chivundikiro cha injini, chogwirira n'kuchiika kukhutu. Anandipatsa kuti ndimvere nanenso. Njira imeneyo ndinaiphunzira pansi pa mtengo ku Zomba, iye anaiphunzira pa Longbridge, ndipo tonse tinagwirizana kuti tapeti imodzi yamasuka. Kenaka anamasula kachivundikiro kakuda ka pamwamba pa kabuleta ya SU n'kudonthezamo oyilo pang'ono, mmene tinkachitira ifenso.

Apa ndi pamene pagona chikondi changa pa galimoto zakale, ndipo si nkhani ya kukongola. Galimoto zimenezi zinkalola munthu wamba kuzilowa. Ukatsegula boneti unkaona pansi kudzera m'mbali mwa injini. Chilichonse chinali ndi dzina, ntchito yake inkaoneka ndi maso, ndipo chikadwala chinkalankhula: pulagi yakuda ikuuza kuti petulo wachuluka, utsi wabuluu ukuuza za maling'i, mapointi ankakonzeka ndi kachidutswa ka sandipepala. Injini ya A-series imene ili mu Mini inayamba mu 1951 pa Austin A30 n'kupangidwa mpaka 2000, ndipo amene anaiphunzira kamodzi anadya nayo moyo wake wonse. Galimoto za lero ndi zabwino kuposa zimenezi pa chilichonse choyezeka. Zimadzuka m'mawa, zimamwa pang'ono, ukachita ngozi umatuluka wamoyo. Koma ukatsegula boneti umapeza chivundikiro cha pulasitiki, ndipo ikadwala imangoyatsa kanyali n'kudikira munthu wa kompyuta.

"Nanga chinapha fakitale n'chiyani, bambo? Kwathu tinkamva kuti ndi sitalaka."

Nkhope yake inasintha. "Aliyense amatero. Sitalaka zinaliko, sindikana. Koma ine sindinajambulepo galimoto. Ndinkangoika chitseko chimene andipatsa."

Ndikuganiza kuti ankanena zoona, ngakhale si zonse. Zaka za m'ma 1970 ntchito inkaimadi pafupipafupi, ndipo Derek Robinson, mtsogoleri wa antchito amene manyuzipepala anam'patsa dzina loti Red Robbo, anachotsedwa ntchito mu 1979 ndi Michael Edwardes, mkulu wa kampani wobadwira ku South Africa. Koma matendawo anayamba kale. Zimakambidwa kuti a Ford anagula Mini imodzi, n'kuiphwasula, n'kuwerengera kuti BMC inkaluza mapaundi 30 pa iliyonse. Mu 1968 makampani ambiri anaunjikidwa pamodzi kukhala British Leyland, mitundu ya galimoto ya nyumba imodzi n'kumalimbirana kasitomala mmodzi, mpaka boma linailanda mu 1975. Ndalama zogulira makina atsopano zinkasowa. Metro ya 1980 inapatsa anthu mpumulo, ubale ndi Honda unabweretsa galimoto zodalirika, kenaka BMW inagula kampaniyo, imene panthawiyo inkatchedwa Rover, mu 1994 n'kuitaya mu 2000 kwa gulu la Phoenix pa mtengo wa mapaundi 10. Mu April 2005 kampaniyo, tsopano yotchedwa MG Rover, inagwa, anthu pafupifupi 6,000 n'kutha ntchito. Lipoti la boma la 2009 linapeza kuti akuluakulu ochepa a Phoenix anali atadzigawira mapaundi pafupifupi 42 miliyoni m'malipiro ndi penshoni. Makina anagulidwa ndi Nanjing Automobile n'kupakiridwa ku China, ndipo MG zatsopano zimene zikuyenda mu Birmingham lero zimachokera kumeneko. Mkulu uja anati za kutha kwa ntchito yake anazimvera pa wailesi ya kanema.

Chimene chinandiseketsa n'chakuti mzere wa Austin Allegro unali ndi achinyamata ambiri. Galimoto imeneyi, ya 1973, inanyozedwa moyo wake wonse chifukwa cha thupi lofufuma ndi chiwongolero cha makona anayi, chimene kampaniyo inachisiya msanga. Lero ana obadwa fakitale itatsala pang'ono kutsekedwa akuipukuta ndi nsalu yofewa, akunyadira chiwongolero chomwecho. Ine sindinaikonde kale ndipo sindinaikonde tsiku limenelo.

Kwathu galimoto ya Chingerezi imene inalowa m'magazi si ya Longbridge, koma ya ku Solihull, tauni yoyandikana ndi mzinda womwewu. Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu April 1948, thupi lake la aluminiyamu chifukwa chitsulo chinali chosowa nkhondo itatha. Inali galimoto ya DC, ya apolisi, ya achipatala cha mishoni, ya alangizi a zaulimi. Ikaima pakhomo usiku m'masiku a chipani chimodzi, mudzi wonse unkazimitsa nyali. Ikaima masana, mwina yabwera kudzatenga mayi wovutika pobereka. Zaka za m'ma 1980 Land Cruiser ndi Hilux zinailanda malo, pa chifukwa chosavuta kumva: zinkawonongeka mwa apo ndi apo, ndipo masipeya ake ankapezeka.

Ndikuyenda pakati pa galimoto zonyezimirazo ndinkadzifunsa kuti zathu zinapita kuti. Kuno mdani wa galimoto ndi dzimbiri, chifukwa nthawi yozizira amathira mchere m'misewu, ndipo imene yapulumuka imapuma pantchito, n'kumagona m'galaja yofunditsidwa. Kwathu galimoto siipuma pantchito. Ikatopa ndi bwana imapita kwa kalaliki, ikachoka apo imakachita matola, ndipo tsiku limene yagona osadzukanso amaigawana. Ekisulo ndi matayala zimakakhala ngolo ya ng'ombe ku Mchinji. Masipuling'i amapita kwa osula, n'kusanduka nkhwangwa ndi zikwanje. Limu imakapachikidwa pamtengo kusukulu kukhala belu, kapena imasanduka mbaula. Tayala limakhala nsapato, chubu chimakhala malegeni omangira katundu panjinga. Amakaniko a ku Ndirande ndi ku Biwi amatha kuika injini ya galimoto ina m'thupi la inzake, zimene anzathu a ku Cofton Park angazione ngati tchimo. Austin Cambridge ya aphunzitsi aja mwina ikuitanabe ana kuti alowe m'kalasi kwinakwake. Sindikuona kuti njira yathuyi ndi yochepa ulemu. Chimene chimandiwawa n'chakuti sitinasungeko ngakhale zochepa zoti mdzukulu adzaone. Kupatula zitsulo zingapo zimene zaima panja pa nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri, mbiri yathu ya pamsewu ili m'mitu ya madalaivala okalamba a mabasi a UTM, ndipo akutha.

Madzulo ndinabwerera ku Selly Oak pa sitima. Ndinkafikira kwa mwana wa mlongo wanga, namwino, ndipo ndinam'peza akupakula nsima ya ufa wogula kusitolo ya Amwenye. Anandimvetsera moleza mtima, kenaka anandiuza zake. Kuyambira mu June 2021, galimoto yotulutsa utsi wambiri ikalowa pakati pa Birmingham, mkati mwa msewu wozungulira wa A4540, imalipira mapaundi 8 patsiku. Yake ya dizilo, ya zaka zopitirira pang'ono khumi, imalipira. Koma galimoto imene yakwana zaka 40 n'kulembetsedwa kuti ndi yambiri yakale imalowa ulere, siilipira msonkho wa pamsewu, ndipo siikakamizidwa kukayezedwa chaka ndi chaka. Ndiye kuti Allegro ija, ndi utsi wake wonse, imadutsa mwaufulu pamene namwino akulipira. Kwathu lamulo linapendekera kwina: galimoto yolowa m'dziko ikakhala yakale, msonkho wake ndiye umakwera.

"Amalume, poti mwaona galimoto tsiku lonse, ndithandizeni. Ndikufuna kutumiza ina kwa amayi ku Balaka. Ndigule yanji?"

"Toyota."

Anaika chipande pansi. "Inuyo? Nanga Austin yanu ija?"

"Masipeya ake akawapeza kuti ku Balaka? Ndiponso usadandaule, ikhoza kukhala ya konkuno. Ukatsata A38 yomweyi kulowera kumpoto ukafika ku Burnaston, kufupi ndi Derby. Toyota akupanga galimoto kumeneko chiyambire 1992."

Anatenga foni n'kuyamba kusakasaka. Ndinamuuza kuti ayang'ane ya petulo, ya giya yamanja, yosakalamba kwambiri kuopa msonkho, ndipo asanapereke ndalama kwa aliyense andiitane ndikagone kunsi kwake ndi tochi, ndione pamene mchere wadya.